NYALI ZINAYI ZA KU CANTON

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine khutu langa lidatsinidwa pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti m'chaka cha 2024, ndipo ngakhale papita nthawi, likadawawabe. Nkhani yake si yondikometsa konse. Ndalimba mtima kuilemba m'magazini yathu ino popeza ambiri mwa ife tikatsekera sukulu timakathandiza makolo ndi abale pa kauntala ya okala, pa benchi ya mumsika kapena pa thandala la usipa, ndipo zomwe zidandigwera ine zitha kugwera wina aliyense.

Amalume anga, omwe ndi alongo awo a mayi, ali ndi sitolo ya hadiweya pa Boma la Mangochi. Iwowa ndiwo akhala akundilipirira fizi chimwalirire bambo anga ndili Sitandade 6. Malonda adawayamba ali mnyamata popikula usipa wouma m'madoko ndi kukaugulitsa ku Limbe. Mpamba utakula pang'ono adayamba kukaoda katundu ku Dar es Salaam, kenaka ku Joni, ndipo kuyambira m'chaka cha 2013 akhala akukwera ndege kupita ku Guangzhou, mzinda waukulu wa kummwera kwa dziko la China, womwe Azungu akale ankautcha Canton. Kumeneko amakaoda maloko, mawaya, matochi, zipangizo za sola ndi nyali za asodzi.

Ndisabise, ine katundu wa ku China ndinkamunyoza monga momwe ambiri timachitira. Chinthu chikathyoka chisadathe sabata timangoti, "Zatchaina izi, umayembekeza chiyani?" Ndinkaseka nawo nthabwala zotere kusukulu osaganiza kuti yunifomu yomwe ndavala ndi buku lomwe ndanyamula zachokera m'phindu la katundu yemweyo.

Kwa inu omwe simudakulire kunyanja, ndifotokoze pang'ono ntchito ya nyali. Usipa umagwidwa bwino usiku wamdima, mwezi kulibe. Munthu mmodzi wotchedwa siginala amakwera bwato lokhala ndi nyali n'kukakhala phee pamadzi kufikira usipa utasonkhana pansi pa kuwalako. Akaona kuti wachuluka amapereka chizindikiro, ndipo anzake amauzinga ndi ukonde wa chilimira. Kale ankagwiritsa ntchito nyali zopopa za parafini, koma masiku ano ambiri adasinthira ku mababu oyendera batire. Nyali zikazima pakati pa ntchito, usipa umabalalika ndipo usiku wonse wapita pachabe.

M'sitolo ya amalume mudali mitundu iwiri ya nyali zoterezi. Poziona kunja zidali ngati mapasa, koma ina idali ya K20,000 pomwe inzake idali ya K12,000. Yodulayo idali ya panyanja. Yotsikayo amalume ankagulitsa kwa anthu ofuna kuunikira m'nyumba kapena pa benchi ya tomato, ndipo ankawauziratu kuti isakhudze madzi.

Kumapeto kwa mweziwo amalume adapita ku Blantyre kukalandira katundu ndipo adandisiyira makiyi kwa masiku awiri. Tsiku loyamba chakumasana kudabwera bambo wina wachikulire, mwini chilimira, wochokera ku doko lina la kufupi ndi Makawa. Adavala kofia yoyera ndipo ndalama adazimanga m'kathumba ka pulasitiki.

"Eni sitolo ali kuti, mwanangu?"

"Achokapo, bambo, koma ndikuthandizani ndine."

"Ndikufuna nyali khumi, zolimba zija amandipatsa masiku onse."

Nditayang'ana pa shelefu ndidapeza kuti zolimbazo zatsala zisanu ndi imodzi zokha. Pansi pa kauntala padali mabokosi opanda kanthu a nyali zolimba zomwe tidagulitsa kale. Sindidaganize nthawi yaitali. Ndidatenga nyali zinayi zotsika mtengo, n'kuziika m'mabokosi aja, n'kulongedza zonse khumi m'katoni imodzi. Bambowo sadatsegule ngakhale bokosi limodzi. Adawerenga K200,000, adandithokoza, ndipo adatinso ndine mnyamata waulemu. M'buku la malonda ndidalemba zoona zake, kuti zolimba zisanu ndi imodzi, zotsika zinayi. K32,000 yapamwambayo ndidaipinda n'kuiika m'sokosi, popeza padali nsapato ina ya mpira yomwe ndidakhala ndikuisirira mumsika. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti nyalizo zikadzafa, mkuluyo adzangoti, "Zatchaina izi."

Amalume adabwera madzulo a tsiku lachiwiri. Iwowa ali ndi chizolowezi chimodzi chomwe sachiphonya: asadatseke sitolo amawerenga katundu yense ndi kumuyerekeza ndi zolembedwa m'buku. Nambala zidagwirizana bwinobwino. Koma atawerama pansi pa kauntala adafunsa kuti, "Mabokosi opanda kanthu adalipo asanu ndi awiri. Ena anayi apita kuti?" Ndidayesa kuyankha koma pakamwa padauma gwa. Iwo adayang'ananso m'buku, adaona dzina la doko lija, ndipo adazindikira zonse.

Ndidayembekeza khofi kapena mawu oti ndilongedze ndizipita kwa mayi. M'malo mwake adatseka chitseko, adateleka madzi, n'kutulutsa tikapu ting'onoting'ono tomwe adabwera nato kuchokera ku Guangzhou. Adandithirira tiyi wopanda shuga, wowawirako, ndipo adati, "Khala pansi, mphwanga, ndikuuze kumene nyali zimenezi zimachokera."

Adandiuza za ulendo wawo woyamba. Adalowa mumsika wina wa nyumba zosanjikizana, momwe muli timasitolo mazanamazana, ndipo adaima pa kasitolo kena kosaposa okala ya kumudzi. Mwini wake adali mayi wovala masilipasi, akudya mpunga wa m'kabokosi kuseri kwa kauntala. Chingerezi chake chidali chochepa, choncho ankanenerera mtengo pa kalikuleta: mayiyo alembe nambala, amalume afafanize n'kulemba yawo. Amalume, pokhala katswiri wonenerera wa m'misika ya kwathu, adatsitsa mtengo ndipo mayiyo adavomera. Adatsitsanso, mayiyo adavomeranso. Atatsitsa kachitatu, mayiyo adaseka, adatenga nyali zitatu zofanana kunja n'kuzimasula ndi sikuludiraiva. Yoyamba idali ndi waya wonenepa wa kopa ndi labala wotchinga madzi. Yachiwiri idali ndi waya wowonda. Yachitatu idalibe labala, ndipo waya wake adali ngati ulusi wosokera. Pa iliyonse adaikapo kapepala ka mtengo umodzi mwa mitengo itatu ija.

"Tsiku limenelo," adatero amalume, "ndidaphunzira kuti anthu aja sakana mtengo. Ali ndi mwambi wawo wonena kuti ndalama iliyonse ili ndi katundu wake. Ukafuna cholimba akupangira, ukafuna cha masiku atatu akupangiranso, ndipo amene ali wachilungamo amakuuziratu chomwe ukugula. Tsono wamalonda wa kuno akasankha chachitatu chija, n'kudzachigulitsa pa mtengo wa choyamba, wakuba ndani? Mtchaina kapena iyeyo?"

Ndidangoti zyoli, maso ali pa kapu.

Adapitiriza kunena kuti padapita zaka ziwiri asadadziwe kuti mayi wa masilipasi uja ndi mwamuna wake ali ndi fakitale ku Guzhen, tauni ya m'dera la Zhongshan yomwe imatchuka dziko lonse popanga nyali. Mwamuna amayang'anira fakitale, mlongo wake wa mayiyo amapakira makontena, ndipo ndalama ndi mabuku zili m'manja mwa mayiyo. Olemera ambiri a kumeneko sadzionetsera, moti utha kukhala tebulo limodzi ndi mwini nyumba zosanja n'kumayesa ndi mlonda. Nkhani zikuluzikulu za malonda amakambira pa tiyi wam'mawa, akudya tizakudya tophikidwa ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi, ndipo wina akakuthirira tiyi umagogoda tebulo ndi zala posonyeza kuthokoza. Amakonda nambala 8 chifukwa m'chinenero chawo imamveka ngati mawu otanthauza kulemera, ndipo amapewa 4 popeza imamveka ngati imfa. M'masitolo ambiri mumakhala chifanizo cha msilikali wakale wa nkhope yofiira, Guan Yu, yemwe amamulemekeza chifukwa cha kukhulupirika kwake.

Koma chomwe chidawadabwitsa koposa n'chakuti mayiyo sadafunse kuti agula nyali zingati tsiku limenelo. Adafunsa kuti angagulitse zingati pa chaka. Phindu lake pa nyali imodzi ndi lochepa kwambiri, loti wamalonda wa kuno atha kulinyoza, koma iye amawerengera kuchuluka kwa katundu ndi kubwererabwerera kwa wogula. Kwathu timati pang'onopang'ono ndi mtolo. Iwo mwambi umenewu adausandutsa mafakitale.

Chaka china katoni zingapo za nyali zolimba zidayamba kulowa madzi. Amalume adayesa mpamba wawo wamira. Adatumiza zithunzi pa foni, ndipo mayiyo adawapempha kuti amasule imodzi aijambule m'kati. Ataona adavomera kuti labala adali wolakwika, ndipo m'kontena yotsatira adaikamo nyali zina zaulere zolowa m'malo mwa zowonongekazo. Padalibe loya, padalibe khoti. Amalume atadzamufunsa chifukwa chake, iye adayankha mwachidule kuti, "Ndikadya mpamba wako chaka chino, chaka chamawa adzandigula ndani?"

Ndidafunsa ngati onse a kumeneko ali otero. Amalume adapukusa mutu. "Akuba aliko, monganso kuno. Wina adandionetsa maloko abwino, koma nditafika kuno ndidapeza kuti wapakira zinyalala zotseguka ndi msomali. Adandidyera ulendo umodzi, ndipo sindidapondenso pakhomo pake. Mayi uja wandidyera maulendo oposa khumi, ndipo ine ndimapita ndekha mokondwa. Mwa awiriwa wochenjera ndani?"

Kenaka adanena mawu omwe adandilasa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti, iwo adalephera kupeza madola okwanira kumalizira katundu yemwe adali atapereka kale chikole. Mayi uja adatumizabe katunduyo, ndipo adadikira miyezi inayi kuti alandire zotsalazo. "Fizi yako ya teremu imeneyo," adatero, "idachokera m'kontena imeneyo. Munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere adandikhulupirira ine popanda pepala, ndipo mkulu uja wa ku doko amandikhulupirira chimodzimodzi, n'chifukwa chake satsegula mabokosi. Ndakhala zaka zisanu ndi zitatu ndikumanga chimenecho. Iwe wachigulitsa pa K32,000."

Ndidatulutsa ndalama zija m'sokosi n'kuziika patebulo. Iwo adazikankhira kwa ine. "Si zanga izi. Mawa ukapereke kwa mwini wake."

M'mamawa ndidakwera minibasi ya ku Monkey Bay, nditanyamula ndalamazo ndi nyali zinayi zolimba zochokera m'katundu watsopano. Nditatsika ndidayenda pansi mpaka kudoko. Mwera udali utaleka, nyanja ili bata, ndipo amayi ankayanika usipa m'mathandala. Thandala la mkulu uja lidali ndi usipa wochepa, wosakwana ndi theka lomwe. Ndidawapeza atakhala pamthunzi akusoka ukonde, anyamata awo atagona pamchenga.

Adandiuza kuti usiku wathawo nyali ziwiri zidazima siginala ali pakati pa ntchito, madzi atangozithira pang'ono, ndipo yachitatu idayamba kuphethira. Usipa womwe udasonkhana udabalalika. Petulo wa injini adapita pachabe, ndipo anyamata khumi omwe amagawana zomwe apha adabwerera ndi ndiwo zokha. Mmodzi mwa iwo adali ndi mwana wodwala. Mkuluyo adamaliza ndi mawu omwe ndidawayembekeza aja: "Atchaina atipweteka, mwanangu."

Apa mpomwe padali povuta. Njira yothawira idali yotseguka, ndikadangosintha nyalizo n'kunena kuti fakitale idalakwitsa. Koma ndidagwada pamchenga, ndidapereka ndalama zija ndi manja awiri, n'kuwauza kuti wolakwa ndine, ndipo ndidafotokoza za mabokosi. Adakhala chete nthawi yaitali, singano ili m'manja. Kenaka adafunsa kuti, "Kodi si iwe amati ukuphunzira za unsembe?" Ndidavomera. Sadanenenso kanthu pa zimenezo, ndipo kukhala chete kwawoko kudandiwawa kuposa chikoti. Adawerenga ndalamazo, adalandira nyali, ndipo adati ndikapereke moni kwa amalume. Mtengo wa petulo amalume adabweza okha, n'kumaudula pang'onopang'ono ku ndalama yanga ya m'thumba kwa materemu awiri.

Nditabwerera kusukulu ndidayamba kufufuza mbiri ya anthu a ku Canton, pofuna kudziwa kumene khalidwe lotere lidachokera. Ndidapeza kuti mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Pearl, kufupi ndi nyanja yamchere, kutali kwambiri ndi likulu la mafumu ku Beijing. Aluya ndi Aperezi ankafikako ndi zombo zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo mzikiti wina wakale kwambiri m'dziko la China, wa Huaisheng, uli mumzinda womwewu. M'chaka cha 1757 mfumu Qianlong idalamula kuti zombo za Azungu zizichita malonda pa doko la Canton lokha, ndipo zidakhala choncho mpaka 1842. Pa zaka zonsezo tiyi, silika ndi mbale zadothi zopita ku Ulaya ndi ku America zinkadutsa m'manja mwa kagulu kochepa ka amalonda ovomerezedwa ndi boma. Chombo chilichonse chachilendo chinkayenera kukhala ndi mmodzi wa amalondawa ngati mboni yake. Eni chombo akazemba msonkho kapena amalinyero akapalamula, woyankha mlandu adali iyeyo. Munthu wosenza udindo wotere amaphunzira msanga kusiyanitsa mlendo wokhulupirika ndi kamberembere, ndipo amadziwa kuti dzina lake ndilo chuma chake.

Wotchuka mwa onse adali Wu Bingjian, yemwe Azungu ankamutcha Howqua. Adamwalira mu 1843 ali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri pa dziko lonse. William Hunter, wamalonda wa ku America yemwe adakhala ku Canton zaka zambiri, adasimba kuti mnzake wina adali ndi ngongole ya madola 72,000 kwa Howqua ndipo sankatha kubwerera kwawo. Howqua ataona kuti munthuyo ndi woona mtima koma wangogwa m'tsoka, adang'amba kalata ya ngongoleyo pamaso pake. Nditawerenga izi ndidakumbukira mayi wa masilipasi ndi miyezi inayi ija.

Komabe mbiri yomweyo ili ndi mbali yakuda. Pa gombe lomwelo ndi pomwe Angerezi ankalowetsera mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium ochokera ku India, ndipo padali eni dziko omwe ankalandira ndi kugulitsa, anthu awo akutha. Nduna ya mfumu, Lin Zexu, itawononga mabokosi oposa 20,000 a mankhwalawa mu 1839, kudabuka nkhondo yomwe China idagonja, ndipo pa pangano la mu 1842 chilumba cha Hong Kong chidaperekedwa kwa Angerezi. Luso la malonda likasowa chikumbumtima limagulitsa ndi poizoni yemwe.

Umphawi ndi nkhondo za m'zaka zotsatira zidabalalitsa anthu a chigawo cha Guangdong pa dziko lonse. Ambiri mwa Atchaina omwe adamanga njanji yodutsa m'mapiri a kumadzulo kwa America m'zaka za m'ma 1860 adali ochokera kumeneko. Ena adafika kufupi ndi kwathu kuno. Atchaina oyamba kukhazikika ku Beira ndi ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 adali a ku Guangdong, ambiri amisiri a matabwa omwe pambuyo pake adatsegula masitolo. Ku Johannesburg adakhazikika mumsewu wa Commissioner. Kulikonse komwe adapita adakhazikitsa mabungwe a anthu a mudzi umodzi kapena a mfunda umodzi, olandira mlendo, kumupezera ntchito ndi kumuika m'manda akamwalira. Mpamba ankaupeza posonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, ndendende chipereganyo chomwe amayi athu amachita m'misika. Chipereganyo chimayenda pokhapokha aliyense akamasunga mawu ake, ndipo wothawa nacho sapezanso womukhulupirira.

Chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair chidayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pa chaka, kuyambira mu Epulo ndi mu Okutobala. Mu 1980 boma la China lidapatula Shenzhen, m'chigawo chomwecho, kuti akhale malo oyeserako malonda omasuka, ndipo dera lonse lozungulira mtsinje wa Pearl lidadzaza mafakitale. N'chifukwa chake amalonda a mu Africa amathamangira ku Guangzhou, makamaka ku dera la Xiaobei komwe ambiri amafikira. Amalawi adayamba kupitako mochuluka dziko lathu litakhazikitsa ubale ndi China mu Disembala 2007, litasiya Taiwan. Ndiyenera kunenanso kuti si Mtchaina aliyense yemwe timamuona m'masitolo a ku Limbe kapena ku Lilongwe ali wa ku Canton. China ndi dziko lalikulu la zigawo ndi zinenero zambiri, ndipo amalonda ena otchuka amachokera ku Fujian ndi ku Zhejiang.

Tsono ife a ku Mangochi malonda si achilendo kwa ife. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, adapeza zidutswa za mbale zadothi za ku China pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka, kusonyeza kuti katundu wa kumeneko adafika m'mbali mwa nyanja ino Azungu asadayambe kulamulira. Ayao ankayenda miyezi ndi minyanga ya njovu kupita ku Kilwa ndi kubwerako ndi nsalu ndi mikanda, ndipo ulendo wotere sukadatheka popanda kukhulupirirana. David Livingstone atafika kwa Mponda mu 1866 adapeza mudzi waukulu wa malonda. Koma nafenso tili ndi mbali yathu yakuda, pakuti m'njira zomwezo munkadutsa akapolo, ndipo Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la tauni yathu, idamangidwa mu 1891 pofuna kutseka njira imeneyo pa mtsinje wa Shire.

Kawiri konse boma lathu lidayesa kuteteza amalonda a kumidzi pochotsako alendo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuti asamukire m'mizinda. Mu 2012, amalonda a ku Karonga atadandaula za masitolo a Atchaina, lamulo lidati alendo azichita malonda otere ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kokha. Madandaulowo adali ndi pake, pakuti wa okala sangapikisane ndi munthu wotenga katundu pa khomo la fakitale. Komabe agogo anga amasimba kuti Amwenye atachoka, masitolo ambiri omwe anthu athu adatenga adatsekedwa pasadathe zaka zambiri, chifukwa cha ngongole za achibale, kusalemba m'buku ndi kudya mpamba. Lamulo limatha kukupatsa nyumba ya sitolo, koma kasitomala wobweranso mawa umamupeza wekha pa kauntala.

Anzanga, ena mwa ife tidzafika pa guwa ndipo tidzasunga ndalama za parishi, za sukulu ndi za zipatala, zomwe akhristu amapereka osafunsa lisiti. Ena tidzatsata njira zina, ndipo mwina tidzakhala amalonda. Konsekonse tidzakumana ndi anthu onga mkulu uja, omwe satsegula bokosi chifukwa akhulupirira wowapatsa. Ndipo inu makolo, mukatisiyira makiyi a okala pa tchuthi, muziwerenga katundu madzulo monga amachitira amalume. Potero simutinyoza ayi, mukutithandiza.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidabwereranso pa kauntala ija. Tsiku lina mkulu wa kofia yoyera adalowa kudzagula nyali zisanu ndi waya. Adandipatsa moni mwansangala, adafunsa za sukulu, ndipo ndidamulongedzera katundu wake. Asadapereke ndalama adakoka katoniyo, n'kuyamba kutsegula mabokosi limodzilimodzi, akutembenuza nyali iliyonse kuti aone labala wake. Amalume adali pakona akulemba m'buku ndipo sadadzutse mutu. Ine ndidaima pomwepo, manja kumbuyo, kudikira mpaka atatsegula bokosi lachisanu.